ZA UMOYO PAMUDZI: Mwana Wodwala Asagone ndi Njala

 Sabata ino nkhani yathu iyambira pakhonde la nyumba ina kwa Bundabunda, koma itifikitsa m'kati mweni-mweni mwa thupi la munthu ndi la ziweto zathu. Conde werengani modekha, ndipo amene mudziwa kuwerenga muwawerengereko anzanu.

Anthu atatha kukolola ndinakaceza kwa abale anga kufupi ndi Chinyunyu, m'dziko la Mfumu Bundabunda. Tsiku lina madzulo panafika ambuya ena atabereka mwana wa zaka ngati zitatu. Atamtsitsa pamphasa ndinaona kuti khosi lake silinali kuima, manja anali opindika, ndipo miyendo inali kuuma ndi kupotoka yokha. Koma maso ake anali amoyo. Anali kutsata nkhuku pabwalo, ndipo mlongo wake atamuitana anamwetulira.

Ndinafunsa kuti, "Ambuya, kodi mdzukulu wanuyu anabadwa cotere?"

Iwo anati, "Iai, mwananga. Anabadwa bwino-bwino, wonenepa, wa mutu waukulu. Anayamba kukhala yekha, nayambanso kukwawa. Ali ndi miyezi 9 anatentha thupi ndi kutsegula m'mimba. Masiku awiri anakana bere, ife tinati timleke apumule. Tsiku lacitatu anakomoka, ndipo potsitsimuka anali wolefuka ngati nsanza. Kucokera pamenepo sanakhalenso yekha. Akucimuna anati mai wake ndiye anasempha mwambo, ndipo ukwati unathera pomwepo."

Zinthu zimene zingaononge ubongo wa mwana wamng'ono motere nzambiri. Kuno kwathu zazikulu ndi malungo ofika ku ubongo, matenda oumitsa khosi, cikasu cacikulu ca m'masiku oyamba, ndi kubanika pobadwa. Ndi dotolo yekha, atapima, amene anganene cimene cinagwira mwana uyu kapena uyo. Koma alipo matenda ena amene ambiri sitinawamvepo, amene mayendedwe ake afanana kwambiri ndi zimene ambuyawo anasimba. Dzina lake ndi glutaric aciduria. Ndi matenda osowa, koma phunziro lake likhudza nyumba iri yonse. Kuti tiwamvetse, tiyeni tiyambe taona kumene cakudya cipita tikameza.

CAKUDYA COMANGA THUPI

Tonse tinamva ku sikelo kuti ziripo zakudya zopatsa mphamvu, zoteteza ku matenda, ndi zomanga thupi. Cimene cimanga thupi m'nyemba, m'kapenta, m'mazira, mu mkaka ndi m'nyama cichedwa puloteni. Puloteni iri ngati cingwe cacitali ca mikanda ya mitundu 20, ndipo mikanda imeneyi akatswiri aicha ma amino acid. Tikadya, cingweco cimadulidwa m'mimba ndi m'matumbo, mikanda nimwazika ndi kulowa m'magazi. Kenaka thupi liitunganso mwa dongosolo lake kuti ikhale mnofu, magazi, khungu ndi tsitsi. Mitundu 11 thupi la munthu likhoza kudzipangira lokha, koma mitundu 9 iyenera kucokera m'cakudya basi. Iwiri mwa 9 imeneyi ndiyo ya nkhani yathu ya lero: lysine ndi tryptophan.

Kufunika kwa ziwirizi kunaonekera poyamba pa nyama. M'caka ca 1914 akatswiri awiri a ku America, Thomas Osborne ndi Lafayette Mendel, anadyetsa makoswe ang'ono-ang'ono puloteni ya m'cimanga yochedwa zein, popanda puloteni ina iri yonse. Makoswewo anayamba kuonda. Ataonjezako tryptophan analeka kuonda, koma sanakule. Ataonjezanso lysine, pamenepo ndi pamene anayamba kukula.

Apa pali mau kwa ife odya nsima. Pa magalamu 100 a puloteni ya m'cimanga muli lysine pafupi-fupi magalamu 3 okha. M'puloteni ya nyemba ndi soya muli 6 kapena 7, ndipo m'ya nsomba ndi nyama muli 8 kapena 9. Nsawawa nzabwino, zipatsa mafuta ndi puloteni yambiri, koma pa lysine sizifika pa nyemba. Ndico cifukwa cake mwana woleredwa ndi phala loyera lokha sakula bwino, ndipo nkhumba yodyetsedwa gaga wokha imatha miyezi yambiri isananenepe. Mlimi amene asakaniza gaga ndi soya wokazinga aona kusiyana kwake pa nkhumba ndi pa nkhuku zomwe. Ng'ombe ndi mbuzi ziri ndi mwai wina: m'cifu cao cacikulu mukhala tizilombo tosaoneka ndi maso timene tisandutsa udzu kukhala puloteni yokhala ndi lysine, ndipo ciwetoco cigaya tizilomboto.

ZOTSALA ZIPITA KUTI?

Thupi liri ndi nkhokwe yaikulu ya mafuta, ndiponso kankhokwe kakang'ono ka shuga m'ciwindi. Koma liribe nkhokwe ya ma amino acid. Likatenga amene lifuna pomanga, otsala onse liyenera kuwaphwanya ndi kuwasandutsa nkhuni zopatsa mphamvu. Nchito imeneyi icitika usana ndi usiku mwa inu ndi ine, mwa mbuzi, mwa galu ndi mwa nkhuku, ndipo njira yake ndi imodzi-modzi.

Coyamba thupi licotsa mbali yochedwa nitrogen, imene siingatenthedwe. Mwa munthu, ng'ombe ndi nkhumba mbali imeneyi ituluka mu mkodzo. Mwa nkhuku ituluka ngati coyera cija timaona pa zitosi. Cotsala ndi kamtengo ka kaboni, ndipo ndico cimene ciyenera kudulidwa kuti cilowe pamoto.

Titsate lysine. Kamtengo kake kali ndi mfundo 6 za kaboni. Kambiri kaphwanyidwa m'ciwindi, m'timang'anjo tating'ono-ting'ono timene tiri m'kati mwa maselo, tochedwa mitochondria. Pa sitepe iri yonse pali wanchito wake wake, ndipo anchito amenewa achedwa ma enzyme. Wina acotsa nitrogen, wina akonza potsala, wina adula mfundo imodzi imene ituluka ngati mpweya uja timapumira kunja, wochedwa carbon dioxide. Tsopano patsala kamtengo ka mfundo 5, kokhala ndi asidi ku nsonga zonse ziwiri. Kameneka ndiye glutaric acid. M'thupi labwino sikayenda kokha. Kakhala komangika pa cogwirira cochedwa coenzyme A, monga khasu pa mpini wake, ndipo pamodzi zichedwa glutaryl-CoA. Nayo tryptophan, itayenda njira yake ina, mbali yake idzafika pamalo omwewa. Tinganene kuti ndi tinjira tiwiri tokumana pa ulalo umodzi.

Pa ulalo pamenepa paima wanchito mmodzi yekha, wa dzina lalitali lakuti glutaryl-CoA dehydrogenase. Iye adula mfundo ina imodzi, nayonso ituluka ngati carbon dioxide, ndipo patsala mfundo 4. Anchito ena otsatira akonza kamtengoko ndi kukadula pakati, nipatsala tizidutswa tiwiri ta mfundo 2. Tizidutswa timeneti, tochedwa acetyl-CoA, ndi nkhuni zomwe zija zimene thupi lipeza likaphwanya shuga wa m'nsima kapena mafuta. Zilowa pamoto umodzi, ndipo potsiriza patsala madzi, mpweya ndi mphamvu zolimira. Mwacidule ulendo wake ndi uwu: mfundo 6, kenaka 5, kenaka 4, kenaka 2 ndi 2. Mwa munthu wabwino glutaric acid adutsa msanga kotero kuti mu mkodzo apezekamo pang'ono cabe.

Wanchito wa pa ulaloyu ali ndi nkhwangwa yake imene sangagwire nchito popanda iyo. Nkhwangwayo ipangidwa kucokera ku vitamini B2, amene dzina lake lina ndi riboflavin. Vitamini ameneyu apezeka mu mkaka, m'mazira, m'ciwindi ndi m'ndiwo za masamba monga cibwabwa, bondwe ndi kalembula. Anchito ena ambiri m'thupi adaliranso vitamini yemweyu. Akasowa mwa munthu, m'mbali mwa milomo mung'ambika ndi kucita zilonda. Akasowa mwa anapiye otsekeredwa m'khola, zala zao zipindikira m'kati ndipo ayenda ndi mawondo. Oweta nkhuku amene munaziona zimenezi, dziwani kuti cinali cakudya cosakwana.

PAMENE ULALO WATHYOKA

Alipo ana ena owerengeka amene abadwa wanchito wa pa ulaloyu palibe, kapena alipo koma wofooka kwambiri. Mwa ana otere glutaryl-CoA aunjikana, mpini uguluka, ndipo glutaric acid ndi mbale wake wochedwa 3-hydroxyglutaric acid ayamba kuyenda okha m'thupi. Thupi liyesa kudzithandiza. Limanga asidiyo pa cinthu cina cochedwa carnitine ndi kumtayira mu mkodzo, mpaka carnitine yemwe aperewera. Dzina lakuti glutaric aciduria litanthauza comweco: glutaric acid mu mkodzo. Woyamba kulongosola matendawa anali dotolo Stephen Goodman ndi anzake ku Denver, m'dziko la America, m'caka ca 1975, atapima ana awiri a mimba imodzi.

Vuto lalikulu liri ku ubongo. Mitsempha ya magazi ya ku ubongo iri ngati mpanda wolimba, ndipo asidi ameneyu akakhala m'kati satuluka msanga. Mbali imene ivulala koposa ndi ya pakati peni-peni, yochedwa striatum, imene iyendetsa manja, miyendo, khosi ndi lilime. Mbali imeneyi ikhala yanthete pamene mwana ali pakati pa miyezi 3 ndi zaka 3. Akapitirira zaka 6 ngozi yadzidzidzi icepa kwambiri.

Codabwitsa ncakuti mwana wotere abadwa wooneka bwino. Ayamwa, aseka, akula. Cizindikiro cimene cioneka mwa ana atatu mwa anai ali onse ndi mutu waukulu, kapena wokula msanga kuposa thupi. Ndiye tsiku lina abwera malungo, cifuwa kapena kutsegula m'mimba. Akulu anati cakudza siciimba ng'oma.

Taonani cimene cicitika tsiku limenelo. Thupi likatentha lifuna mphamvu zambiri kuposa masiku onse, koma mwana akana kudya, kapena asanza zimene wadya. Kankhokwe ka shuga ka m'ciwindi ca khanda nkakang'ono, sikakhalitsa. Kakatha, thupi litembenukira mnofu wake womwe ndi kuyamba kuuphwanya, monga munthu wosowa nkhuni amene ayamba kuzula mitengo ya nyumba yake. Mnofu uli ndi lysine wambiri. Conco lysine afika pa ulalo wothyoka uja ngati madzi a cigumula, asidi acuruka mu ubongo, ndipo m'maora kapena m'masiku owerengeka mbali ija yaonongeka. Mwana akomoka kapena alefuka, ndipo pambuyo pake ziwalo ziyamba kuuma ndi kupotoka. Madzi akatayika saoleka: cimene caonongeka pamenepo sicibwereranso.

Nyama zatithandizanso kumvetsa zimenezi. M'caka ca 2002 akatswiri a ku America anabereketsa mbewa zopanda enzyme imeneyi. Pa cakudya cao ca masiku onse mbewazo sizinadwale kweni-kweni. M'caka ca 2006 anzao ena anazidyetsa cakudya ca lysine wambiri. Zazing'ono zinayamba kukomoka, ubongo wao unaonongeka, ndipo zambiri zinafa m'masiku owerengeka, pamene zazikulu zinapirira nthawi yaitali. Apa panaoneka poyera kuti ngozi ibwera zinthu ziwiri zikakumana: ubongo wanthete ndi lysine wocuruka nthawi imodzi.

SI MLANDU WA MAI

Matendawa ndi a cibadwa, ndipo ayenda monga momwe ayendera matenda a sickle cell amene ambiri tiwadziwa. Munthu ali yense alandira malangizo opangira enzyme imeneyi kawiri, kamodzi kwa atate, kamodzi kwa amai. Amene walandira kamodzi kolakwika ndi kamodzi kabwino sadwala konse. Alima, abereka, akalamba osadziwa kanthu. Koma mwamuna ndi mkazi otere akakwatirana, pa mimba iri yonse pali mpata umodzi mwa inai wakuti mwana alandire kolakwika mbali zonse ziwiri, ndipo ameneyo ndiye adwala. Conco mwana sangadwale matendawa pokhapokha atate ndi amai onse awiri atapereka mbali yao mofanana. Palibe amene anasempha mwambo, palibe amene analodza, ndipo palibe cifukwa cothamangitsira mkazi. Kumene anthu akwatirana pacibale kwa mibadwo yambiri matenda a mtundu uwu aoneka kawiri-kawiri, cifukwa mbali ziwiri zolakwika zikumana mosavuta.

Pa dziko lonse lapansi matendawa agwira mwana mmodzi mwa ana pafupi-fupi 100,000. Koma m'mitundu ina acuruka. Ku Pennsylvania, m'dziko la America, kuli alimi ochedwa Amish, amene mpaka lero alima ndi akavalo ndipo akwatirana okha-okha. Kwa zaka zambiri ana ao ena anali kulumala pambuyo pa kutentha thupi, ndipo anthu anali kungoti ndi kulumala kwa ubongo kosadziwika cifukwa. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 dotolo Holmes Morton anapima mikodzo ya anawo napeza glutaric acid. Pakati pa alimi amenewa matendawa agwira mwana mmodzi mwa 300 kapena 400. M'caka ca 1989 iye ndi mkazi wake anayambitsa kiliniki ya ana otere, ndipo alimiwo anamanga okha nyumba yake ndi manja ao ku Strasburg. Kucokera pamene anayamba kupima makanda ndi kuwathandiza msanga akadwala, ana ambiri amene akadalumala akula akuyenda.

Tisaganize kuti ndi matenda a azungu okha. M'caka ca 2010 madotolo a ku Cape Town anafalitsa zimene anapeza pakati pa anthu akuda a ku South Africa. Mwa amene anapimidwa, mmodzi mwa 36 ali onse anali ndi mbali imodzi yolakwika. Tiyeni tiwerengere pamodzi. Mpata wakuti awiri otere akwatirane ndi umodzi mwa 36 kucurukitsa ndi 36, ndiye 1,296. Mwa ana ao mmodzi mwa anai adwala, ndiye mwana mmodzi mwa 5,184. Ciwerengero cimeneci nca ku South Africa, osati ca kuno, koma citiphunzitsa kuti pakati pa ana a mu Africa amene angonenedwa kuti analumala ndi malungo, ena cifukwa cao ndi cimeneci.

THANDIZO LIRIPO LIKAFIKA MSANGA

M'maiko ena khanda liri lonse litengedwa kadontho ka magazi ku citendene m'masiku oyamba, ndipo makina afufuza asidi uja womangika pa carnitine. Ku England anayamba kupima makanda onse matendawa m'caka ca 2015. Mwana akapezeka asanadwale, madotolo acita zinthu zitatu. Amuikira muyeso wa puloteni kuti lysine asacuruke, naonjezera mkaka wapadera wopanda lysine kuti akulebe bwino. Ampatsa carnitine tsiku ndi tsiku. Ndipo cacikulu koposa, akangotentha thupi, kusanza kapena kutsegula m'mimba, ampatsa shuga wambiri nthawi yomweyo, wakumwa kapena wa m'diripi, kuti thupi lisayambe kudya mnofu wake. Popanda thandizo, ana 8 kapena 9 mwa 10 otere aonongeka ubongo. Ndi thandizo loyamba msanga, 8 kapena 9 mwa 10 apulumuka. Katemera nayenso alandira monga ana ena onse, cifukwa acepetsa matenda otenthetsa thupi.

Kupima kotere kufuna makina a m'nyumba zazikulu zopimira, sikucitika pa sikelo ya kumudzi. Koma njira yofikira kwa akatswiri iyambira pa kiliniki yanu yomweyo. Anamwino atumiza ku cipatala ca ku Chongwe kapena ca ku Mpanshya, ndipo madotolo a kumeneko akaona kofunika alemba kalata yopita kwa madotolo a ana ku University Teaching Hospital mu Lusaka.

Tsopano ndicenjeze mwamphamvu. Wina asawerenge nkhani ino nati, "Kani nyemba ndi kapenta nzoopsa, mwana wanga ndizimpatsa phala loyera lokha." Kutero ndi kuthawa mvula ndi kugwera mumtsinje. Mwana wa matenda a glutaric aciduria ndi mmodzi mwa zikwi zambiri, koma ana operewera lysine ndi zakudya zina zomanga thupi tiri nao m'mudzi uli wonse. Ngakhale mwana wodwala matendawa afunabe lysine wina kuti akule, ndipo muyeso wake aika ndi dotolo yekha. Ana ena onse apatseni nyemba, kapenta wosinja, dzira, soya ndi nsawawa m'phala lao mosaumira.

ZOYENERA KUCITA PA NYUMBA

Palibe mai amene angadziwe ndi maso ngati ulalo wa m'thupi la khanda lake uli bwino kapena ai. Koma cimene citeteza mwana wa matenda osowawa ndi comwe cithandizanso mwana ali yense. Cotero gwirani mfundo izi.

Coyamba, mwana wodwala asalekedwe kuti apumule kudya. Muyamwitseni kawiri-kawiri, usana ndi usiku. Ngati alephera kukoka bere, finyirani mkaka m'kapu yoyera ndi kummwetsa pang'ono-pang'ono. Wa miyezi yopitirira 6 mpatseninso phala lofewa lothira shuga ndi mafuta pang'ono, tizipuni towerengeka nthawi ndi nthawi. Akasanza, dikirani mphindi 10 ndi kuyambanso mwapang'ono.

Caciwiri, akatsegula m'mimba mpatseni madzi a moyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa, pamodzi ndi mapiritsi a zinki amene alandiridwa ku kiliniki. Koma dziwani kuti madzi a moyo abwezera madzi ndi mcere, shuga wake ngwocepa. Salowa m'malo mwa bere ndi phala.

Cacitatu, musadikire tsiku lacitatu. Mwana wotentha thupi apite ku kiliniki tsiku lomwelo akapimidwe malungo. Ngati akana kuyamwa ndi kumwa, asanza ciri conse, akomoka, kapena agona osadzuka bwino, nyamukani ora lomwelo, ngakhale usiku. Inu abambo, nchito yofuna njinga, ngolo kapena galimoto pa mseu ndi yanu. Midzi imene iri kutali ndi mseu ipangane pasadakhale za kanyamulidwe ka wodwala, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Cacinai, ngati muona kuti mutu wa khanda ukula msanga, pemphani anamwino aupime ndi tepi ndi kulemba, ndipo adzaupimenso mwezi wamawa. Mutu waukulu nthawi zina ndi wa kubanja cabe, nthawi zina ndi madzi a m'mutu amene afuna opaleshoni, ndipo nthawi zina ndi matenda tanenawa. Safunsa anadya phula.

Cacisanu, ngati m'banja munali kale mwana amene analumala kapena kumwalira mwadzidzidzi pambuyo pa kutentha thupi, uzani anamwino pa sikelo ya amai apakati, ndipo uzaninso dotolo khanda latsopano likadwala. Mau amenewa angacititse dotolo kuganizira matenda a cibadwa ndi kuika diripi ya shuga msanga. Kubisa mbiri ya banja cifukwa ca manyazi kungataitse mwana waciwiri.

MWANA AMENE ANALUMALA KALE

Nanga amene ngozi inawagwera kale? Kumbukirani kuti mbali imene ivulala koposa ndi yoyendetsa ziwalo. Ana ambiri otere nzeru zao zikhalapo. Amva zonse zimene tilankhula, adziwa anthu ao, akondwa ndi kukhumudwa monga ife, kungoti lilime ndi manja siziwamvera. Musawatsekere m'nyumba. Akhale pabwalo pakati pa anzao, mulankhule nao, ndipo musanene zoipa za iwo pamaso pao. Podya akhale tsonga atachirikizidwa bwino, ndipo cakudya cikhale cofewa, copatsidwa mosafulumira, kuti asatsamwe. Ku zipatala kuli anchito ophunzitsa kuongola ziwalo, amene angaonetse amai ndi ambuya maseweredwe ocita pa nyumba kuti mfundo zisaumiretu. Ndipo mwana wotere akadwalanso, afunika kufika ku cipatala msanga kuposa wina ali yense.

Ambuya aja tinaceza nao mpaka mdima. Ndinawauza zimene ndakuuzani pano, ndi kuwapempha kuti apite ndi mdzukulu wao ku cipatala akasimbe mbiri yonse kuyambira pa mutu waukulu uja. Ndinawapemphanso kuti mwana wao wamkazi akadzaimanso, asadzaiwale kuuza anamwino za woyambayu. Potsazika anati, "Ndiye kuti mwana wanga sanalakwe?" Ndinati, "Iai ambuya, sanalakwe. Mukamuuze comweco."

Inunso amene mwawerenga, kauzeni amai a m'mudzi mwanu mau awiri awa: kulumala kwa mwana si mlandu wa mai wake, ndipo mwana wodwala asagone ndi njala. Sabata yamawa tidzakambirana za kakonzedwe ka soya pa nyumba, kuti akhale wabwino m'phala la ana ndi m'cakudya ca nkhuku. Tsalani bwino.